Pamene Bantomu Ankakhotera

Sendererani kuno, ana inu, tiziswa skawa uku tikucheza. Inu a m'tauni mumati mtedza, koma m'kamwa ndi chimodzimodzi. Tiza, usabisale kumbuyo kwa msuweni wako. Maso awa anakonzedwa, ndikuona ngakhale tsinya limene wamanga pamphumipo. Dzulo ndinakukalipira pamaso pa anzako chifukwa unamangirira mbuzi pa udzu uja wa m'mphepete mwa chigwembe, iwe n'kundiyankha kuti, "Agogo, si ni udzu chabe?" Ndinakalipa mopyola muyezo, ndavomera. Koma udzu umenewo ukatha, chigwembe chidzafika pamanda a agogo anu aakazi, NyaZimba. Lero kuchokera paphompho kukafika pamene agona pali mapazi asanu ndi limodzi. Ndimawerenga ndekha mvula iliyonse ikatha.

Inu mwabadwa chigwembecho chilipo kale, ndiye mumayesa kuti Mulungu anachilenga tsiku limodzi ndi mapiri. Ayi ndithu. Ine pamenepo ndinkadutsapo ndi ng'ombe, popanda ngakhale polumpha.

Munda wathu uja wotsetsereka kuchokera kukhola lakale kukafika kudambo, adada anali ataudula ndi migula isanu. Mgula ndi mzere waukulu wopingasa mtunda, wofika m'mawondo, woti madzi akamathamanga apunthwe, akhale pansi, alowe m'nthaka. Sanaiunde mwa kufuna kwawo. Inali nthawi ya atsamunda, ndipo kapitawo wa zaulimi ankabwera ndi chingwe ndi zikhomo, chipewa chachikulu kumutu, wokana n'kumutengera kubwalo la milandu. Anthu ankadana nayo migula ngati msonkho. Ndinakula ndikumva akuluakulu akuitukwana pamowa. Adada ankatukwana nawo, koma kukacha ankatenga khasu kukakonza pamene pagumuka.

Dambo la masiku amenewo musalifanizire ndi mchenga mukuuonawu. Dzuwa likuswa mtengo, mvula isanayambe, chitsime cha kumunsi chinkakhala ndi madzi oti mkazi atunge ndi chikho atangowerama. Tinkagwira milamba ndi mono, kumadimba kuli mpiru ndi nzimbe. Ng'ombe zinkabwerako mimba zili ndendende, ndipo amasi sankasowa m'nyumba. Inde, mkaka wowawasa uja umene inu mukauona mumakwinya mphuno, mukufuna zotsekemera za m'mapaketi za pamsika wa Lundazi. Ife tinakula ndi umenewo, ndipo mano anga ndi awa, werengani anu.

Ufulu utabwera ndinali mnyamata wa magazi otentha, nditangokwatira kumene. Adada sanakhalitse, anamwalira, munda n'kukhala wanga. M'midzi yonse ya kuno kwa mfumu Magodi anthu ankagumula migula ngati akuvula unyolo. Inenso ndinamanga ng'ombe zanga ziwiri pagoli, Bantomu ndi Sikochi, ndinalowetsa pulawo, pomatha masiku atatu migula yonse isanu inali itasalala. Kenaka ndinayamba kulima mizere yotsika ndi mtunda, popeza mundawo ndi wautali chotsika, ng'ombe sizinkavutika kutembenukatembenuka. Ndinkadziona wochenjera kuposa adada.

Ndiye panali chileyi. Yamikani, dzina limeneli unalimvapo? Wapukusa mutu, chonsecho atate ako Lameki anatsala pang'ono kubadwira pomwepo. Ngolo inali ya olemera. Ife tinkadula mtengo waukulu wa mphanda, kuusema kunsi, kukhoma timitengo pamwamba, kuboola kumutu n'kumangapo tcheni. Chinalibe gudumu ngakhale limodzi. Ng'ombe zinkangochikoka chikupala nthaka. Chinkanyamula chimanga, nkhuni zowotchera fodya, mgolo wa madzi, ngakhale wodwala. Changa ndinasema ndekha, ndipo ndinkachinyadira monga mmene anyamata a lero amanyadira njinga yamoto.

Njira yanga inali imodzi: kuchoka pakhola, kutsika molunjika pakati pa munda, kukafika kudambo kukatunga madzi, n'kubwereranso momwemo. Tsiku lililonse, chilimwe ndi dzinja. Pakati pa munda pali chulu chija mumakwerapo inu. Tsiku lina pamenepo mavu anamuluma Bantomu pamphuno. Kuyambira pomwepo sanafunenso kuyandikira chulucho. Akafika pafupi ankakhotera kumanzere, kuzungulira patali, mbali ya kumanda, n'kudzabwereranso m'njira chakumunsi. Ndinamukwapula, ndinamunyengerera, koma ng'ombe ikatsimikiza mtima imaposa munthu. Ndinamusiya, ndipo njira inakhala ndi chigongono pamenepo.

Agogo anu NyaZimba anali wamfupi, wa mawu ochepa, koma maso ake sankaphonya kanthu. Tsiku lina mvula itangokata tinaima tonse m'munda, madzi akuthamanga m'njira ya chileyi.

"Awiske Lameki," ndimo mmene ankandiitanira, kutanthauza bambo a Lameki, "njila yanu iyi yayamba kunyamula munda. Onani madzi mmene afiilila."

"Ni kanjila chabe," ndinatero. "Mwana angalumphe."

"Mwana akukula, nako kakukula."

Ndinaseka. Iwo sanabwerezenso. Anangoyamba kutola miyala akamalima, n'kumaiponya m'kanjirako pamodzi ndi mapesi. Ine ndikamatsika ndi ng'ombe chileyi chinkakodwa pamiyalayo, ndiye ndinkaimitsa, kuichotsa, kuitaya patchire, ndikung'ung'udza. Mawa lake ndinkaipezanso. Tinachita zimenezo zaka zambiri, iwo kuika, ine kuchotsa, ndipo sitinakanganepo poyera ngakhale kamodzi.

M'kupita kwa nthawi ndinagula ngolo, khola tinalisamutsira kuno, chileyi chinadyedwa ndi chiswe kuseri kwa nkhokwe. Njira ija inali itasanduka ngalande yofika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Ndinkati popeza ndasiya kudutsamo, ipola yokha. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, koma ine mwambi umenewo ndinkaunenera anthu ena. Chimanga chitayamba kufupika ndinkanena mbewu. Skawa zitachepa ndinkanena mvula. Chitsime chitayamba kutsika ndinati akazi achuluka otunga. Pa zonsezi dzina langa silinatulukepo m'kamwa mwanga.

Ndiye maso anayamba. Ng'ala imabwera mwaulemu, ana inu, ngati utsi wa moto wa kutali. Poyamba ndinasiya kuona manambala a nyimbo kutchalitchi, kenaka nkhope, kenaka ng'ombe zanga ndinkazidziwa ndi kulira kokha. NyaZimba anasanduka maso anga. Ndipo ndi nthawi yomweyo pamene anadwala masabata awiri n'kundisiya. Tinawaika kumphepete kwa manda, mbali ya kumunda, chifukwa m'kati munali mutadzaza.

Wosaona amayenda ndi kuwerenga. Ndinkatsika ndi ndodo m'mbali mwa ngalande ija, ndikafika pachigongono ndinkatembenuka, n'kuwerenga mapazi makumi awiri. Pa makumi awiri ndodo inkagunda mtanda wa pamanda awo. Ndinkakhala pansi, kuwauza za ng'ombe ndi za ana, kenaka kubwerera. Ndinachita zimenezo mpaka mwana wanga Esinati, amayi ako Tiza, anabwera kudzanditenga kuti ndikakhale naye kuboma.

Kuboma ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi pakhonde, ndikumvetsera mabelu a njinga ndi anyamata a minibasi akuitanira za ku Chipata. Ine amene ndinkayenda wapansi kuchokera kuno kukafika kubomako, thumba la skawa paphewa, ndinkachita kugwiridwa dzanja popita kuseri. Esinati ankandichonderera kuti akandipale maso kuchipatala, ine ndinkakana. Ndinkati diso si thumba loti munthu ang'ambe n'kusokanso. Lameki akabwera kudzandiona ndinkamufunsa za kumudzi.

"Kuli makola, adada. Vyose vili makola."

Nthawi zonse yankho linali lomwelo, kuti zonse zili bwino, ndipo ine ndinkakhulupirira.

Pomaliza ndinatopa ndi mdima, ndinavomera. Tsiku limene anachotsa nsalu kumaso ndinaona mayi wa imvi ataima patsogolo panga akulira. Ndinati ndani uyu, n'kupeza ndi Esinati, amene ndinamuona komaliza tsitsi lili bii. Kenaka ndinaona kamtsikana ka makutu aakulu, Tiza yemweyu, kakundisuzumira pakhomo. Usaseke, Yamikani, ako ndi omwewo, ndi makutu a kwathu. Diso lachiwiri atalikonza ndinati basi, ndiperekezeni kumudzi, ndikaone manda a mkazi wanga, chifukwa ndinali ndisanawaonepo ndi maso.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Lameki anayamba kuzungulirazungulira. Adada yambani mwadya. Adada mwatopa, mupite mawa. Adada kuli minga. Ndinamuyang'ana, maso ake ali pansi. Ndinatenga ndodo n'kuuyamba ndekha.

Ana inu, ndaonapo zinthu pamoyo wanga. Ndinaona mphezi itapha ng'ombe zinayi pamalo amodzi. Koma zimene ndinaona tsiku limenelo zinaposa zonsezo. Pamene ndinasiya ngalande yofika m'chiuno panali chigwembe choti mungaikemo nyumba iyi ndi denga lomwe, osaonekera. Makoma ake ofiira ngati nyama, mizu ikulendewera m'malere. Msuku umene tinkatola masuku tikamalima unali pansi m'katimo, mizu kumwamba. Ndinayang'ana kudambo, ndinaona mchenga woyera kuchokera uku mpaka uko, ndi akazi akutsikira m'dzenje ndi zidebe, mitu yokha ikuoneka. Ndinatseka maso, ndinati mwina adokotala alakwitsa, andiikira maso a dziko lina. Nditatsegula zinali zomwezo.

Ndinapita pachigongono, ndinatembenuka monga kale, n'kuyamba kuwerenga. Pa phazi lachisanu ndi chiwiri ndinali nditafika pamtanda. Ndinabwerera kuphompho, ndinawerenganso, ndikufupikitsa mapazi dala. Asanu ndi awiri. Ndinakhala pansi pomwepo. Sindinawauze kanthu NyaZimba tsiku limenelo. Ndinachita mantha, ndiponso manyazi.

Lameki anandipeza ndili chomwecho.

"Iwe Lameki, ichi ni chani?"

"Tenze kuyopa kukuuzani, adada. Mukanachita chani muli osaona?"

Apo ndiye ndinaphulika. Ndinanena owotcha makala amene amaliza mitengo kumtunda. Ndinanena achinyamata otentha tchire pofuna mbewa. Ndinanena iye mwini, kuti ndinamusiyira munda wabwinobwino, waupereka kwa madzi. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anauma. Lameki anatengera amake, sayankha munthu ali pamoto.

"Tiyeni tikwele kumtunda, adada," anatero. "Mukaone kumene chiyambila."

Tinakwera pang'onopang'ono mpaka pakhola lakale, pamene pamera nthula tsopano. Anandiimika pamene panali chipata, n'kuloza kumunsi. Kuchokera pamwambapo chigwembe chonse chimaoneka ngati chojambula. Chimayambira pachipata penipeni. Chimatsika molunjika pakati pa munda. Chikayandikira chulu chimakhotera kumanzere, kuzungulira patali mbali ya kumanda, n'kubwereranso chakumunsi.

Bantomu tinamudya kalekale pa ukwati wa Esinati, chikopa chake chinatha, koma pamene ankakhotera pothawa mavu panali pomwepo, pakuya kuposa nyumba. Palibe wowotcha makala amene anajambula chigongono chimenecho. Ndinali ine ndi chileyi changa. Ndipo madzi akafika pokhota amamenya khoma la kunja, ndiye chaka ndi chaka ankadya mbali imene agona mkazi amene ankaikamo miyala ine ndikuchotsa.

Tikutsika Lameki anayankhula motsitsa mawu. "Ena akuti tiwasamutse amama, mvula isanabwele."

"Yayi," ndinatero. "Anasamuka kale kamodzi, kuchoka kwawo kubwela kwathu. Sindingawafukule chifukwa cha kupusa kwanga."

Ndinkafuna kuyamba mawa lomwelo kuthira miyala pansi pa manda. Lameki anati tiyambe taitana mlangizi wa zaulimi. Anabwera panjinga, mtsikana woti angakhale mdzukulu wanga, nsapato zodzaza fumbi. Anayang'ana paphompho, anayang'ana mtanda, kenaka anatembenukira kumtunda.

"Agogo, apa ni pamene madzi afikila chabe. Mukathila myala apa izapita yonse na mvula yoyamba. Tikayambe kumene achokela."

Ndinayembekeza kuti atulutsa makina. Anapempha mitengo itatu, anaimanga ngati phaso la denga, pamwamba n'kulendeweretsa chingwe chokhala ndi mwala. Ankaimika miyendo iwiri ya chipangizocho pansi, chingwe chikagwera pakati ndiye kuti malo awiriwo ndi ofanana kukwera kwake, Lameki n'kukhoma chikhomo. Anayenda chomwecho kupingasa munda wonse. Ine ndinkatsatira pambuyo ndi ndodo, ndipo pa mzere wachiwiri phazi langa linamva kakatumphuka pansi pa udzu. Ndinayang'ana bwino. Zikhomo za mtsikanayo zinkayenda pamwamba pa mgula wa adada, umene ndinaugumula ndi pulawo ndili mnyamata. Mzere wachitatu chimodzimodzi. Ndinagwira pakamwa. Amati mawu a akulu akoma akagonera, koma awa anagonera mpaka mwini kuchita imvi, khungu, n'kupenyanso.

Ntchito yake sinali ya banja limodzi, chifukwa madzi ena amachokera m'minda ya anzathu kumtunda. Ndinayenda khomo ndi khomo. Sindinapite ndi nzeru, ndinapita ndi mlandu wanga. Ndinkati bwerani mudzaone chimene ndinachita, ndipo ena ankabwera kudzangoona nkhalamba ikudzinenera yokha, koma pobwerera ankayang'ana tinjira ta m'minda mwawo. A kutchalitchi anatithandiza masiku angapo. Tinaunda migula isanu ija kachiwiri, n'kubzalapo udzu wa vetiva, umene mizu yake imalowa pansi kuposa msinkhu wa Tiza. Mizere tinaitembenuza kuti ipingase mtunda, ndipo m'makwalala tinkatseka apa ndi apo kuti madzi aime m'timadamu. Mapesi tinasiya kutentha. M'chigwembemo tinakhoma zikhomo mizeremizere, kulukamo nthambi, kutsamiritsa miyala, kuyambira kumtunda mpaka pachigongono. M'mphepete tinabzala vetiva yemweyo, nsungwi ndi nthochi. Ine mphamvu zinatha, ndinkanyamula mwala umodzi umodzi, ndipo ina ndinkaitola patchire pomwe ndinkaitaya kale.

Mvula yoyamba yaikulu inagwa masana. Ndinakana kukhala m'nyumba, ndinakaima pansi pa mtengo wa kumanda nditafunda thumba. Madzi anabwera ndithu, ofiira, koma osati ndi ukali umene Lameki ankanena. Ndili chiimire ndinamva chigumukire, khoma la mbali yathu likugwera pansi. Itakata ndinawerenga, ndinapeza asanu ndi limodzi. Phazi limodzi linali litapita ndikuona ndi maso angawa.

Chaka chimenecho sichinadyenso. Chaka chotsatira, asanu ndi limodzi. Chaka chino, mwaona nokha, asanu ndi limodzi, ndipo kuseri kwa miyala ija dothi layamba kuunjikana, udzu ukumera pansi pa chigwembe. Sindikunamizani kuti chapola. Chitsime sichinabwerere, milamba sindidzaidyanso ya m'dambo lino. Mwina inu mudzaiona, mukadzakhala ndi imvi ngati Esinati. Chimene chagwira khoma lija lero ndi mizu ya udzu, ndipo mbuzi siidziwa kuti pali manda. Imazula nsonga, imaponda m'mphepete, dothi n'kumasuka.

Tsono mverani ichi, chifukwa Lameki ndinamuuza kale ndipo sanakondwe nacho. Mapazi asanu ndi limodzi ndi malo okwanira munthu mmodzi. Tsiku langa likadzafika, musadzandifunire pabwino pakati pa mitengo. Mudzandiike pamenepo, pakati pa NyaZimba ndi phompho.

"Adada, pamphepete penipeni?" anatero Lameki. "Anthu azatiseka."

"Aseke. Ninachikumba ndine. Ngati chikali na njala, chiyambe ine."

Tiza, wasiya kuswa skawa, ndipo tsinya lija lachoka. Usalire, mwana wa mwana wanga, sindikupita mawa, ndikadali ndi miyala yambiri yoti ndibweze. Mbuzi zako uzimangirira kuseri kwa khola, kuli msipu wabwino. Ndipo mukadzabweranso patchuthi, aliyense akamatsikira kumunda azinyamula mwala umodzi. Agogo anu anaika miyala m'njira imo zaka zonse zija, ine ndikuchotsa. Tsopano ndikuibweza umodzi umodzi, ndipo womaliza kuikidwa pamenepo ndidzakhala ine.